Wam'mbuyo Atseke Chipata

Palibe amene anawaonapo a Kamvuluvulu atamaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Ankamwa choimirira, dzanja lina likupukuta tebulo, maso ali kale pakhomo. Ngakhale pamaliro, pamene aliyense amakhala phee, iwo unkawapeza ali yakaliyakali, akusuntha mabenchi amene palibe anawatuma kusuntha.

Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala a mabasi, kalekale ali mtsikana, atangoyamba ntchito yoperekera zakudya m'lesitilanti ya pafupi ndi depoti. Dalaivala sadikira: injini ili chilirire panja, iye akufuna mbale yake tsopano lino. Pakati pa khitchini ndi modyeramo panali chitseko chimene mwini lesitilanti sankafuna kuchiona chotsegula, ati utsi ungapite kwa makasitomala, ntchentche zingapite kwa ophika. Bamboyo tsiku lonse ankangokuwa liwu limodzi: "Chitseko!" Atsikana ambiri ntchito inawathera pa chitseko chimenecho. A Kamvuluvulu anaphunzira kuchitseka ndi chidendene, ndi chiuno, ndi chigongono, mbale zili m'manja monse, osacheuka. Chikangoti gwa! kumbuyo, miyendo inkadziwa yokha kuti zakumbuyo zatha. Anakalambira momwemo mpaka lesitilantiyo inasanduka sitolo ya mafoni, koma thupi lawo silinamve kuti ntchito yatha.

Ndiye mayi wotere n'kukwatiwa ndi telala! Atelala moyo wawo wonse anauthera pa mpando umodzi, pakhonde la sitolo ya nsalu, tepi m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa. Ankasoka batani ngati akulipepesa. Kasitomala akanena kuti chovala chake akuchifuna mawa, iwo ankamuyang'ana mwachisoni, n'kumufunsa ngati kwawo kuli bwino. Popita kutchalitchi ankatulukira limodzi pakhomo, koma pofika pamphambano mayi anali atasanduka kale kadontho kutsogolo. Anansi ankaseka.

"Atelala, mwayambana kodi?"

"Sitinayambane ayi. Kungoti ine nkhope ya akunyumba ndimaionera pa chithunzi cha ukwati. Koma msana wawo, aaa, ndikhoza kuusokera bulauzi osayeza."

Sankanama. Mabulauzi onse a Kamvuluvulu anali osokedwa ndi amuna awo, ndipo kumsana ankakhala bwino koposa. Mayi akati, "Zengerezu analinda kwawukwawu," bambo ankayankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anakangana choncho mpaka ana kukula n'kuchoka pakhomo, wopambana osapezeka.

Ntchito itatha, a Kamvuluvulu anatsala pang'ono kupenga ndi makoma a nyumba. Chinawapulumutsa ndi gulu la oyenda Loweruka. Analiyambitsa anali Aphunzitsi ena opuma ntchito, amene adokotala anawauza kuti asankhe chimodzi, kuyenda kapena bokosi la maliro. Gululo linali la anthu a shuga, a mtima, amasiye, ndi ena ongofuna pochezera. Ankakumana pa malo omwetsera mafuta kumapeto kwa tauni, n'kudutsa m'minda ndi m'mabusa a ng'ombe mpaka pamwamba pa timapiri toyang'ana kunyanja. Malamulo anali awiri basi. Loyamba, palibe wopitirira Aphunzitsi. Lachiwiri, wam'mbuyo atseke chipata. Lachiwirili linali la mwini famu, amene anawalola kudutsa pamalo pake n'kuwauziratu kuti tsiku limene ng'ombe yake idzalawe kabichi wake, njira imeneyo adzaiwale. A Kamvuluvulu lamulo lachiwiri silinkawakhudza, chifukwa kumbuyo sankakudziwa. Loyambalo ndi limene linkawazunza. Ankayenda pa chidendene pa Aphunzitsi penipeni, ndipo kangapo konse anawavula nsapato.

Kenaka sitiroko inawapeza Atelala ali pa makina, akupinda mwendo wa buluku la munthu. Inatenga dzanja lamanja, inalemetsa mwendo wa mbali yomweyo, mawu n'kuwasiya otsika ngati a munthu wolankhula m'chipinda cha odwala. A Kamvuluvulu anasiya kuyenda Loweruka. Anawasamalira amuna awo, ndipo wonena kuti sanawasamalire ndi wabodza. Kungoti ankawasamalira mwa liwiro. Bambo akamalimbana ndi batani la malaya ndi dzanja lamanzere, mayi anali atamanga kale onse mpaka m'khosi. Supuni isanafike pakamwa, mbale inali itapita kale kotsukira. M'mabuluku onse anaikamo lasitiki tsiku limodzi, ndi masokedwe amene Atelala anangowayang'ana n'kutseka maso. Mayi ankawakonda amuna awo, nyumbayo inkawabanikitsa, ndipo zonse ziwirizi zinali zoona. Loweruka m'mawa gulu likamadutsa mumsewu, ankapezeka akusesa pakhomo pamene anasesa kale.

Mwana wawo woyamba, amene onse ankangomutcha Chisamba, anabwera kuchokera kumzinda osanena. Anapeza nyumba ili zii. Bambo ake anawapeza kubafa, atakhala pa kampando, madzi atazizira m'beseni, sopo ataumira kumsana. Mayi anali atangothamangira pagolosale kuti agule machesi, n'kukumana ndi wina, n'kukumbukira mankhwala a nkhuku. Atabwerera, wefuwefu, anapeza mwana wawo akuwapukuta bambo ake, nkhope ili gwa.

Nkhani inakambidwa patebulo, Atelala ali pampando wawo pafupi ndi zenera.

"Amayi, ababa ndikuwatenga," anatero Chisamba. "Kwathu kuli chipatala chophunzitsa anthu kuyendanso, ndipo alamu anga amakhala pakhomo tsiku lonse."

"Nanga ine?"

"Mukagona pati? M'chipinda cha ana mungolowa bedi limodzi. Komanso inuyo, m'nyumba ya m'mwamba yopanda ndi bwalo lomwe? Mawa lake mudzagwetsa khoma. Nanga kuno asunge ndani?"

"Amuna anga sachoka pano."

"Amayi, inu simutha kudikira munthu. Si mlandu ayi, ndi mmene munabadwira. Koma lero ndi sopo, mawa adzagwa inu muli kugolosale."

A Kamvuluvulu anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anafuna kukalipa, koma sopo uja anamuona ndi maso awo. Mantha anawagwira, oti pakhomopo atsala okha ndi makina ovundikira nsalu. Ndipamene Atelala analankhula kuchokera kuzenera kuja.

"Amake Chisamba, Loweruka lino si kuli ulendo waufupi uja? Umene mumati wa agogo? Ndikufuna ndikaoneko kumene munkathawira."

Mayi anaigwira nkhaniyo isanagwe pansi. "Tipita! Ndikayenda nawo phazi ndi phazi, iwe ukaone ndi maso ako. Ndikakawasiya ngakhale pang'ono, uwatenge, sindidzatsegulanso pakamwa."

Pakamwa panawatsogolera monga mwa masiku onse. Chisamba anangoti, "Chabwino amayi, mwanena nokha."

Loweruka kunacha bwino, kopanda mphepo. Pa malo omwetsera mafuta paja gulu linawalandira Atelala ndi m'manja, poti theka la anthuwo linali litavalapo zosoka zawo. Aphunzitsi anavula wenzulo imene ankaitanira gulu, n'kuwaveka Atelala m'khosi.

"Mukatopa, kapena pakavuta, imbani. Tonse tiima pomwepo." Kenaka anatembenukira kwa mayi. "Inu lero ndinu wam'mbuyo. Zipata ndi zanu."

Gulu lonse linafa nacho chiseko. Amakanika, bambo wamimba amene nthawi zonse ndiye ankatsalira, anavula chipewa n'kuwagwadira. "Ufumu wanga ndaupereka. Anthuni, lero dzuwa likalowera kum'mawa!"

Ananyamuka. Njira inadutsa kuseri kwa malo ochekera matabwa, n'kuwoloka ngalande pa kamlatho ka matabwa, n'kulowa pakati pa minda. Kumanzere kunali mpendadzuwa, kumanja nyemba zokwera pa timitengo, mapaipi othirira ali mbwee m'mizere. Thirakitala inali itasiya mikwasa yake youma m'njiramo, ndipo Atelala ankasankha poponda ngati akusankha ulusi. Ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenaka kukoka unzakewo. Ndodo, mwendo, kukoka. A Kamvuluvulu anali asanadziwe kuti kuyenda pang'onopang'ono kumapweteka. Mawondo ankawawa, msana unkawawa, mapazi ankangofuna kutsogola okha. Anamasula chingwe cha nsapato n'kumanganso. Anachotsa chisoso pa siketi, chatha, anayamba kuchotsa cha pa buluku la amuna awo. Kutsogolo gulu linkachepa, mawu ake akumveka patalipatali, ndipo nthabwala iliyonse inkawafika itatha kale, kutangotsala kuseka.

Anawagwira amuna awo pachigongono.

"Musandikoke, amake Chisamba, ine si ngolo."

"Sindikukoka, ndikuthandiza."

"Thandizo lanu lili ndi liwiro."

Atelala ankaima pa chilichonse. Anaima kuonera njuchi pa mpendadzuwa. Anaima kufunsa dzina la mbalame. Pa munda wina anaima nthawi yaitali, akuyang'ana chidole choopsezera mbalame chimene anachiveka jekete yakale.

"Kolala ija anaisoka mopotoka," anatero mwachisoni. "N'chifukwa chake mwini wake anaitaya."

"Bambo, tabwera kudzayenda kapena kudzayeza zidole?"

Koma anaseka, ndipo kuseka kuja kunawapeputsa pang'ono. Pakati pa timapiri tiwiri nyanja inaonekera, ili mbee ndi dzuwa la m'mawa, mabwato ali awiriawiri patali. Atelala anaiyang'ana n'kunena kuti zaka zonsezi ankaionera pa kalendala ya m'sitolo ya nsalu, chonsecho ili kuseri kwa nyumba.

Chisamba ankayenda pakatikati pa gulu, akucheuka pafupipafupi. Pa chipata choyamba anaima kuwadikira. Zipata za pafamupo sizinali za matabwa kapena zachitsulo. Zinali mizere ya waya waminga yomangirira ku mtengo umodzi wosazika. Potseka unkaponda tsinde la mtengowo m'chingwe cha waya cha pansi, n'kuukankha ndi phewa kuti mawaya akungike, dzanja lina n'kukoleka chingwe cha m'mwamba. Potsegula chimodzimodzi: phewa, ndi manja awiri. A Kamvuluvulu anagwira chipata mpaka amuna awo atadutsa, ndodo, mwendo, kukoka, kenaka anachitseka kamodzi n'kamodzi.

Chisamba anawayang'ana mayi ake, thukuta lili kamukamu pamphumi ngati athamanga, pamene ayenda ngati nkhono.

"Amayi, mukuyesetsa," anatero motsitsa.

"Ndiye usatilondere. Pita kutsogolo ukathandize Aphunzitsi kunyamula mafulasiki."

Chisamba anapita, ndipo mtima wa mayi unayamba kukhala pansi. Panangotsala busa la ng'ombe ili, chipata chachiwiri, kenaka kamtunda kopita pamwamba pa phiri pamene gulu linkapumira. Ankaona kale mwana wawo akukwera basi yekha.

Busalo linali lalikulu, udzu wofupika, ndowe paliponse. Ng'ombe zinkawayang'ana zikubzikula. Atayandikira chipata chachiwiri, Atelala anaima pafupi ndi tchire lina lowirira.

"Tsogolani pang'ono, nditaye madzi."

"Ndikugwirireni ndodo."

"Amake Chisamba, izi zokha ndisiyeni ndichite ndekha. Lasitiki munaika uja ntchito yake ndi imeneyi."

Anapatukira kuseri kwa tchire. Mayi anasendera kuchipata, kumene Amakanika anali chigwirire mtengo, akulimbana ndi thole lina lachidwi limene linanunkhiza kabichi wa tsidya linalo ndipo linkafuna kudutsa nawo.

"Mayi wam'mbuyo, katundu wanu uyu! Ine mkono wafa. Samalani, kamwana aka n'kambava."

Anawapatsira mtengowo n'kuyamba kukwera mtunda. Tholelo linabwera molunjika, linzake pambuyo. A Kamvuluvulu analikuwira, analimenya pamphuno ndi chipewa, linabwerera pang'ono n'kubweranso. Analumphira tsidya la kabichi, anaponda tsinde la mtengo m'chingwe, phewa linakankha, dzanja linakoleka. Mawaya anakungika, gwa!

Madzi saiwala khwawa. Phokoso limenelo thupi lawo linkalidziwa kuyambira ali mtsikana, ndipo linkatanthauza chinthu chimodzi chokha. Kutsogolo kanjira kanali pululu, kakukwera pakati pa mizere ya kabichi. Mumtima anati angofika pa mtengo wa m'mbali mwa kanjirako aone ngati pali mthunzi woti bambo akapumirepo. Atafika pamtengopo miyendo sinaime. Mawondo analeka kuwawa. Mikono inayamba kugwedezeka yokha, mphepo ikulowa m'bulauzi, mpweya ukufika mpaka pansi pa chifuwa kumene unali usanafike chidwalire amuna awo. Anawapitirira Amakanika ngati aima. Anapitirira amayi awiri a shuga. Kumanja nyanja inkakula pamene iwo ankakwera, mpaka inadzaza mbali yonseyo. Tisanamizane, a Kamvuluvulu anakondwa. M'kamtunda kameneko munalibe mankhwala, munalibe beseni, munalibe batani. Anayamba ndi kung'ung'udza nyimbo.

Pamwamba anthu anali atakhala pamiyala, mafulasiki atatsegulidwa, buledi akuyenda m'manja. Aphunzitsi ankaloza ndi ndodo midzi ya tsidya la nyanja. Chisamba anali kuthira tiyi m'makapu. Anakweza maso, anaona mayi ake akumwetulira, anayang'ana kumbuyo kwawo.

"Amayi, ababa ali kuti?"

Nyimbo ija inafera pakhosi. A Kamvuluvulu anacheuka, mwina koyamba pa moyo wawo. Kutali pansi, kuseri kwa mawaya, kunali kamunthu kovala malaya oyera, ng'ombe zitakazungulira.

Mmene anatsikira phirilo sakumbuka. Anagwa kamodzi, anadzuka, chipewa chinatsala m'kabichi. Anawapeza Atelala ataima, atatsamira mzati wa chipata, ndodo ili pansi tsidya lino kumene inagwera. Kuseri kwa dzanja lamanzere kunali mzere wa magazi. Anali atayesa kukankha mtengo uja ndi phewa, koma dzanja lokweza chingwe linali lomwe lija lolendewera m'mbali. Thole lija linkanunkhiza thumba lawo. Wenzulo inali pachifuwa, ikung'anima padzuwa.

Mayi anatsegula chipata, anawadutsitsa, anatseka, anatola ndodo, anang'amba mpango wawo kumanga balalo, zonse nthawi imodzi, pakamwa posaima.

"Pepani bambo, pepani, ndi thole lija, ine ndimati ndingoona mthunzi, mutu wangawu, mutu wangawu! Nanga inu bwanji osaimba wenzulo? Anakupatsirani chiyani? Mukanangoimba kamodzi ndikanabwerera, mwana sakanadziwa n'komwe!"

"Ndinaiika pakamwa," anatero Atelala.

"Ndiye?"

"Ndiye ndinakuonani mukukwera."

Anakhala pansi pang'onopang'ono pa mwala wa m'mbali mwa njira, natambasula mwendo wolemera uja.

"Msana umenewu ndimaudziwa, amake Chisamba. Chidwalire ine unapindika, mapewa anakwera kufika m'makutu. Bulauzi imeneyi ndinaisoka ndine, koma miyezi yonseyi imakukhalani ngati yobwereka. Lero mutatseka chipata ndinaona yakhalanso bwino. Ndinati ndiimbe, koma ndinati ayi, ndionereko kaye. Ndinaonera mpaka munakafika pamwamba."

"Musalankhule choncho."

"Chipatachi ndinayesa kuti nditsegule ndekha, ndikupezeni komweko, tinene kuti tinapangana. Chandikana."

Chisamba anafika ali wefuwefu, nsapato m'manja, Aphunzitsi akutsetsereka pambuyo pake. Anaona mpango wamagazi, natembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, munanena nokha. Pakati pa ng'ombe, amayi! Ikanawagunda?"

A Kamvuluvulu anatsegula pakamwa, koma lonjezo lija linali lawo lomwe. Anayang'ana kwa amuna awo. Atelala sanalepherepo kuwapezera mawu owapulumutsa, ngakhale kwa apongozi, ngakhale kwa mwini lesitilanti uja. Mayi anadikira kuti anene kuti sachoka.

"Usawakalipire amayi ako," anatero Atelala. "Chipata anatseka bwino, kabichi wa eni wapulumuka. Ndipita nawe, mwanawe. Koma udziwe kuti sindikupita chifukwa andisiya. Kundisiya anayamba tisanakubereke, ndipo sindinasocherepo."

"Bambo!" Mawu a mayi anatuluka osweka. "Ine ndinkathamangira chiyani zaka zonsezi? Si kuti mukafike madzi atatentha kale? Ndiphunzira. Mundimange chingwe m'chiuno ngati mbuzi, ndiphunzira!"

"Chingwecho ndi chimene sindikuchifuna. Ndachiona m'mawa wonse uno." Anawagwira dzanja ndi lawo lomangidwa mpango lija. "Ndikaphunzire kuyenda kwa anthu olipidwa kudikira. Mwendo ukalimba ndibwera, muzidzanditsogolera ngati kale."

Palibe anafunsa kuti mwendowo udzalimba liti. Aphunzitsi anayang'ana kunyanja ngati kuli china chatsopano. Atelala anavula wenzulo n'kuwabwezera, nathokoza. Ulendo wobwerera anakwera ngolo ya thirakitala ya pafamupo, atakhala pa matumba, mayi ali pambali pawo. Njira yonse a Kamvuluvulu anakhala phee.

Katundu analongedza okha, ndipo aka kanali koyamba kuti ntchito iwatengere tsiku lathunthu. Malaya ankawapinda n'kuwapindulanso. Galimoto itabwera m'mawa mwake, Atelala anaima pa makina awo, anakonza nsalu yovundikira kuti ngodya zifanane, natuluka: ndodo, mwendo, kukoka. Mayi anayenda pambuyo pawo mpaka pagalimoto. Pa kolala ya malaya, kumbuyo, panali pothetheka pamene anali asanapaonepo.

Masiku otsatirawo nyumba inali yawo yonse, misewu yonse inali yawo. Ankapita kugolosale n'kubwerera, osapeza amene angamuuze kuti achedwa chifukwa cha mzere. Ankafika kutchalitchi oyamba monga kale, n'kusunga malo pabenchi ndi chikwama, kenaka n'kuchichotsa mwakachetechete nyimbo itayamba. Pafoni Atelala ankati akuwayendetsa pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo wowaphunzitsayo yunifolomu yake ndi yothina m'khwapa. Mayi ankaseka, foni ikaduka n'kuyamba kuzungulira m'nyumba, chipinda ndi chipinda, osadziwa chimene akufuna. Anazindikira mochedwa kuti kutsogola kunkakoma chifukwa kumbuyo kunkabwera munthu.

Loweruka linzake anapita pa malo omwetsera mafuta paja. Gulu linawalandira mosamala, nthabwala zili pang'ono. Aphunzitsi anati, "Mayi, malo anu alipo. Ndavala nsapato zomanga bwino lero."

"Ndikhala kumbuyo."

Amakanika anatsegula pakamwa kuti aponye kena kake, koma anangokanda pamimba n'kutsogola.

Anadutsa mpendadzuwa, nyemba, chidole cha kolala yopotoka. Pa chipata chachiwiri onse anadutsa, a Kamvuluvulu n'kutsala atagwira mtengo uja, mawaya ali lendelende. Ankayang'ana tchire lowirira lija. Ankadziwa bwino lomwe kuti kuseri kwake kulibe munthu, ankadziwanso kuti wenzulo ili m'khosi mwa Aphunzitsi, komabe makutu anali tcheru.

"Mayi, tsekani!" anakuwa Amakanika ali pakati pa mtunda. "Tatha tonse!"

"Ndamva!"

Anaimabe mpaka thole lija linadzutsa mutu n'kuyamba kubwera. Pamenepo anaponda tsinde la mtengo m'chingwe, anakankha ndi phewa, nakoleka pang'onopang'ono kuti pasamveke phokoso. Anakwera phirilo akucheukacheuka, ndipo anakafika pamwamba tiyi atatha.